Bambo Alick Phiri, Wojambula Zithunzi wa ku Kanyama

Ambiri a ife tili naco cithunzi cimodzi cokha ca makolo athu ali acinyamata, cobisika m'sutukesi kunsi kwa bedi. Nkhope tizidziwa. Koma ndani mwa ife anafunsapo dzina la amene anacijambula?

Mmodzi wa amisiri otere ndi Bambo Alick Phiri, amene anabadwa mu 1948. Nchito ya kamera anaiphunzira mu Lusaka kwa Bambo Prabhubhai Vilas m'zaka za m'ma 1960, pamene anthu akuda odziwa luso limeneli anali owerengeka. Mu 1983 anatsegula Kwacha Photo Studio ku Kanyama.

Masiku amenewo makamera a manyuzipepa anali kulondola nduna ndi misonkhano ya UNIP. Munthu wa m'komboni, akafuna kuti adzukulu adzamuone, anali kuvala zovala za pa Sande, kupukuta nsapato zimene fumbi linali kuyembekeza pakhomo pomwepo, ndi kukaima nji pamaso pa mmisiri wonga Bambo Phiri. Ena anali kujambulidwa pamseu penipeni, mzinda uli kumbuyo kwao. Pambuyo pake zithunzi zamitundu zinafala, ndipo makina otsuka mafilimu a m'tauni analanda makasitomala kwa amisiri ambiri a m'cipinda camdima.

Zithunzi za Bambo Phiri zinapeza mwai: Sana Ginwalla wa Everyday Lusaka anazisonkhanitsa m'buku lochedwa Lusaka Street. Zathu zija za m'sutukesi zikali kudyedwa ndi cinyezi, makamaka ku Kanyama komweko, kumene madzi amalowa m'nyumba mvula ikakula.