Kusamala Galimoto Yogona Panja M'nyengo ya Chiperoni

Nkhani ya lero ikukhudza makamaka anzathu a ku Milonde, kum'mwera kwa phiri la Mulanje, amene ali ndi galimoto koma alibe nyumba yoisungiramo. Ena amaisiya pakhomo miyezi ingapo popita kukagwira ntchito ku Blantyre kapena ku Joni. Ena amaiimika chifukwa misewu ya kumidzi yasanduka matope. Tsiku loti aiyendetsenso likafika, amapeza injini ikukana kulira, mabuleki atagwirana, m'kati mukununkha chuku. Chuma chimene munthu adachivutikira zaka zambiri chimaonongeka chotero chili chiimire pabwalo.

Malangizo ambiri a kasungidwe ka galimoto adalembedwera maiko ozizira kwambiri monga Japan ndi a ku Ulaya, kumene madzi amaundana m'injini ndipo amathira mchere m'misewu pofuna kusungunula chipale. Ku Milonde kulibe zotere. Mdani wathu kuno si kuzizira ayi, koma chinyezi. Mvula ya dzinja imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo malo ena a kum'mwera kwa phirili amalandira mvula yopitirira mamilimita 2,000 pa chaka. Dzinja likangotha, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kumabwera chiperoni, chimene dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Mphepo yachinyezi yochokera ku nyanja ya India ikagunda phiri la Mulanje imakwera m'mwamba, nizizira, nisanduka nkhungu ndi mvula yamawawa ya masiku angapo. Motero galimoto yogona panja siipeza mpata wouma, ndipo chitsulo chikakhalitsa ndi madzi ndi mpweya chimachita dzimbiri.

Choyamba kuganizira ndi malo. Pajatu akuluakulu adati madzi saiwala khwawa, ndipo namondwe Freddy wa m'mwezi wa Malichi 2023 adatikumbutsa zimenezi m'boma lonse la Mulanje. Sankhani malo okwera, kutali ndi mtsinje kapena ngalande. Musaimike galimoto pa udzu kapena pa dothi lonyowa, pakuti nthunzi yochokera pansi imadya kunsi kwake kumene maso safika. Yalani njerwa kapena miyala. Mthunzi wa mtengo wa mango kapena wa mapeyala umaoneka wabwino, koma masamba ake amatseka timipata totulutsira madzi pansi pa galasi lakutsogolo ndi m'zitseko, ndipo madziwo amakathera m'makapeti.

Musanaiimike, itsukeni bwino, makamaka kunsi ndi m'malo mozungulira matayala. Matope amasunga madzi monga chinkhupule. Ikauma, pakani polishi pa penti yonse.

Tsono pa nkhani yofunditsa ndi pamene ambiri amadzipweteka okha. Pepala lakuda la pulasitiki, lija timafolera nyumba, limaletsa mvula kulowa, komanso limaletsa nthunzi kutuluka. Dzuwa likawala pang'ono, m'kati mwa pepalalo mumachita thukuta, ndipo galimoto imakhala yonyowa usana ndi usiku. Chabwino koposa ndi chisakasa cha nsungwi chofoleredwa ndi udzu kapena malata, chotseguka m'mbali kuti mphepo izidutsa. Ngati chofunditsa ndicho chilipo, chisafike pansi, ndipo muzichivundukula tsiku ladzuwa, n'kutsekula zitseko kwa ola limodzi kapena awiri.

Mafuta nawo ali ndi nkhani yake. Kuyambira chaka cha 1982 petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene adayamba kupangidwa ku Dwangwa. Ethanol amakoka madzi a mumpweya. Thanki ikakhala ndi petulo wochepa, mpweya wachinyezi umadzaza malo otsalawo. Usiku kukazizira, madzi amachita mame m'kati mwa thankiyo natsikira m'mafuta. Nchifukwa chake thanki yodzaza imasungika bwino kuposa yopanda kanthu. Komabe petulo sakhala wabwino mpaka kalekale, choncho asagone miyezi yambirimbiri. Oyilo wakale m'injini amakhala ndi zinyalala zodya zitsulo: muthireni watsopano musanaiimike. Mu radiator musathire madzi okhaokha. Mankhwala amtundu aja otchedwa coolant, ngakhale kuno madzi saundana, amateteza injini ku dzimbiri.

Batire lodzaza bwino limaonetsa mavoti 12.6. Ngakhale injini ikhale yozima, wotchi, alamu ndi kakompyuta ka m'galimoto zimayamwabe moto pang'onopang'ono, ndipo batire likaphwa n'kukhala choncho milungu ingapo, kawirikawiri silidzukanso. Masulani waya wa mbali ya chizindikiro chochotsera, kapena chotsani batire lonse mukalisunge pamalo ouma m'nyumba, ndipo muzilitchajitsa mwezi uliwonse.

Handibuleki musaikoke ngati galimoto ikhalitsa, chifukwa dzimbiri limamatiza mabuleki. Ikani m'giya, ndi kutchinga matayala ndi njerwa. Matayalawo muwapope mokwanira kuti asaphwanyike mbali imene yakhudza pansi.

Tisaiwale makoswe. Chiperoni chimafika chimanga chitangokololedwa kumene, pamene makoswe achuluka pakhomo ndipo akufuna malo ofunda. Pansi pa boneti amamanga zisa natafuna mawaya. Galimoto isayandikane ndi nkhokwe, udzu wozungulira ulambulidwe, ndipo m'kati musatsale ngakhale kanyenyeswa ka chakudya.

Kodi kuliza injini m'mawa uliwonse kumathandiza? Ambiri amatero, koma kuiliza mphindi 5 zokha kumaononga. Petulo akamapsa amatulutsa nthunzi ya madzi, ndipo injini ikazimitsidwa isanatenthe, madziwo amatsalira m'paipi ya utsi ndi m'oyilo. Batirenso silibweza moto umene lataya poliza. Ndi bwino kuiyendetsa pamsewu mphindi 30, kamodzi pa milungu iwiri, tsiku louma. Amene muli paulendo wautali, siyani makiyi kwa mbale wokhulupirika amene ali ndi laisensi, mutamuuza zonsezi.

Omvera athu, walira mvula walira matope. Mvula imene imameretsa tiyi, nanazi ndi chimanga cha ku Mulanje ndi yomweyo imene imadya chitsulo. Nsungwi, udzu ndi njerwa zilipo pamudzi, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wa batire latsopano kapena wa makaniko wolumikiza mawaya odyedwa ndi makoswe. Mangani chisakasacho mitambo isanakute Sapitwa.