Ekiselo ya Ngolo ya Gulu Ikaonongeka

Kuno ku Ulongwe ngolo imatithandiza kututa chimanga, thonje ndi njerwa. Ngolo zambiri zimayendera ekiselo yochotsa ku galimoto yakale. Ekiselo ndi chitsulo chija chimagwira mateyala awiri.

Kawirikawiri ekiselo imayamba yatichenjeza. Girizi akauma, mchenga umalowa m'maberingi, ndipo teyala limalira ndi kugwedera. Tikamangosenzetsabe katundu wolemera, chitsulocho chimadyeka, kupindika kapena kung'aluka.

Tichite chiyani? Titsitse katundu, tikweze ngolo pa zipika, tigwedeze teyala. Ngati vuto ndi maberingi okha, tigule ena ndi kupaka girizi. Koma ekiselo ikang'aluka tisadalire kuwotcherera. Ikhoza kudzathyokanso pamsewu wa ku Liwonde, n'kuvulaza woyendetsa ndi ng'ombe zomwe. Ndi bwino kugula ina.

Nanga ngolo ikakhala ya limana, ndalama zichokera kuti? Pa ndalama iliyonse yobwereketsa ngoloyo tizipatulako ya zokonzera. Msungichuma azilemba m'buku ndi kutiwerengera tonse mwezi ndi mwezi. Kufunsa za chuma cha gulu si mwano ayi. Ndi ufulu wathu, ndi udindo wathunso.