Nyumba Yomangidwa Ngati Mtolo wa Bango

Mumzinda wa Chicago ku America, kufupi ndi nyanja ya Michigan, muli nyumba ya maofesi yakuda bii imene imaonekera patali zedi. Kutalika kwake ndi mamita 442 ndipo ili ndi nsanjika 110. Kampani yogulitsa katundu ya Sears inayamba kuimanga m'chaka cha 1970, ndipo pofika 1973 inali itapambana nyumba zonse padziko lapansi m'litali. Kale inkatchedwa Sears Tower, koma kuyambira 2009 dzina lake ndi Willis Tower.

Chimene chimasowetsa tulo amisiri a nyumba zazitali ndi mphepo. Kumwambako imaomba mwamphamvu, ndipo nyumba ikayamba kugwedezeka, anthu am'katimo amachita chizungulire. Amisiri akale ankalimbana nayo pongochulukitsa zitsulo, motero ndalama zinkalowa zambiri.

Amene anapeza njira ina ndi injiniya Fazlur Rahman Khan. Iye anabadwira ku Dhaka, likulu la Bangladesh lero lino, m'chaka cha 1929. Anapita ku America m'chaka cha 1952 kukapitiriza maphunziro pa yunivesite ya Illinois, kenaka anayamba ntchito pa kampani yolemba mapulani a nyumba ya Skidmore, Owings & Merrill. Kumeneko ndiko anagwirizana ndi Bruce Graham, amene anajambula maonekedwe a nyumbayi.

Nzeru ya Khan aliyense amene anadulapo bango angathe kuimva. Bango limodzi limapindika ndi kamphepo kochepa, koma mukamanga mtolo, ngakhale mwamuna wamphamvu salithyola. Choncho iye anaimika nyumba zisanu ndi zinayi zowonda, iliyonse mamita pafupifupi 23 m'lifupi, n'kuzilumikiza pamodzi ndi zitsulo. Ziwiri zinalekezera pa nsanjika ya 50, ziwiri pa 66, zitatu pa 90, ndipo ziwiri zokha ndizo zinafika pamwamba penipeni. N'chifukwa chake nyumbayi ndi yotakata pansi ndi yowonda kumwamba, kumene mphepo imasowa pogwira.

Ulemu wokhala nyumba yaitali koposa unatha m'chaka cha 1998, pamene nyumba ziwiri za Petronas ku Kuala Lumpur zinaiposa ndi mamita 10. Komabe nzeru ya Khan amisiri akuigwiritsabe ntchito. Ngakhale Burj Khalifa ya ku Dubai, ya mamita 828, mapulani ake analemba ndi kampani yomwe ija.

Abale athu amene anatsikira pabwalo la ndege la Jeddah popita ku Hajj anaona ntchito ina ya munthu yemweyu. Denga loyera looneka ngati mahema limene limatchinjiriza mahaji ku dzuwa, Khan anali m'gulu la amene analikonza, ndipo linatha m'chaka cha 1981. Chaka chotsatira iye anamwalira ku Jeddah komweko ali ndi zaka 52, ndipo anakaikidwa m'manda ku Chicago, mumzinda womwe muli nyumba yake ija.