Donna Strickland ndi laser imene imacheka diso

Kuwala kwa tochi kumabalalika, koma kwa laser kumayenda njira imodzi ndipo kutha kuunjikidwa pa kadontho kakang'onong'ono. Theodore Maiman ndiye anapanga laser yoyamba mu 1960. Komabe kwa zaka zambiri akatswiri ankavutika ndi chinthu chimodzi: akati aonjezere mphamvu ya kuwala kong'anima mwachidule, kuwalako kunkawononga makina omwe akukukuzawo.

Amene anamasula mfundoyi ndi Donna Strickland, mayi wa ku Canada wobadwira ku Guelph mu 1959, pamodzi ndi mphunzitsi wake Gérard Mourou. Panthawiyo Strickland ankachita maphunziro a PhD pa yunivesite ya Rochester ku America, atamaliza digiri yoyamba ku McMaster mu 1981.

Nzeru yawo, imene inasindikizidwa mu 1985, njosavuta kuimva ngakhale inali yovuta kuichita. Poyamba ankatambasula kuwalako pokudutsitsa mu ulusi wagalasi wotalika kupitirira kilomita, kuti ukali wake umwazike pa nthawi yotalikirapo. Kukafatsa chotero, ankakuonjezera mphamvu popanda chiopsezo kwa makina. Pomaliza ankakufinyanso kuti mphamvu yonse ituluke kamodzin'kamodzi, m'kanthawi kochepa kwambiri moti kuphethira kwa diso n'kuchedwa. Njirayi imatchedwa chirped pulse amplification.

Phindu lake likuoneka kwambiri m'zipatala za maso. Poti kuwalako kumagunda n'kuzimiririka kutentha kusanafalikire, kumacheka malo okhawo amene dokotala waloza, minofu yoyandikana nawo osapsa. Pa opaleshoni ya LASIK, laser yotere imadula kachikopa kopyapyala kutsogolo kwa diso. Dokotala amakatukula, n'kusema m'kati ndi laser ina, kenako n'kukabwezera pamalo pake. Anthu mamiliyoni avula magalasi chifukwa cha opaleshoniyi.

Strickland anagwirapo ntchito ku National Research Council ku Canada, ku Lawrence Livermore ndi ku Princeton, asanayambe kuphunzitsa fizikisi pa yunivesite ya Waterloo mu 1997. Mu 2018 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Mourou komanso Arthur Ashkin. Anali mayi wachitatu kuilandira pa fizikisi, kutsatira Marie Curie mu 1903 ndi Maria Goeppert Mayer mu 1963. Chodabwitsa n'chakuti mphotoyo inamupeza asanafike pa udindo wa pulofesa wamkulu, poti anali asanapemphepo kukwezedwa. Yunivesite inamukweza chaka chomwecho.