Madzi amadya mwala mwakachetechete

Anzanga, mukandifunsa kuti wamphamvu ndani pakati pa mwala ndi madzi, ine ndiyankha kuti madzi. Ndikunena madzi wamba amvula, osati mafunde a mwera ayi.

Tiyambe ndi zigoba za nkhono zimene timaponda kugombe kuno ku Nkhotakota. Zigobazi n'zopangidwa ndi calcium carbonate. Miyala yambiri ya laimu padziko lapansi inayamba ngati zigoba ndi matope zimene zinaunjikana pansi pa madzi, kenako n'kukwiririka kwa zaka mamiliyoni. Kwathu kuno miyala ya laimu ili ku Changalume ku Zomba, ku mapiri a Chenkumbi ku Balaka, komanso kwa anansi athu ku Kasungu, kumene kampani ya Shayona imapanga simenti.

Nanga mwala ukakwiririka, nkhani yatha? Ayi ndithu. Mvula ikamalowa m'nthaka imatenga mpweya wa carbon dioxide wochokera ku mizu ndi masamba owola, n'kusanduka asidi wofooka. Asidiyu amatsika m'ming'alu n'kumasungunula mwala pang'onopang'ono. Choyamba kusungunuka ndi aragonite, mtundu wa calcium carbonate umene uli m'zigoba zambiri za nkhono. Pamene panali chigoba pamatsala kabowo kooneka ngati chigobacho. Timabowo tikakula n'kulumikizana timasunga madzi, ndipo kwina timasanduka mapanga.

Chodabwitsa n'chakuti madzi omwewo amamanganso. Akafika pena n'kutaya carbon dioxide uja, laimu amene ananyamula amaumanso ngati calcite, n'kumata timiyala pamodzi. Ndiye kuti apa akugumula, apo akumanga.

Mwina mukuti, "Zikutikhudza chiyani ifeyo?" Taganizani za mjigo umene madzi ake sachita thovu msanga. Nthawi zambiri vuto ndi calcium ndi magnesium zimene madziwo asungunula pansi, ndipo sopo amene makolo agula movutikira amatha sabata isanathe. Zoyera zimene zimakakamira m'ketulo ndi laimu yemweyo: kuwiritsa kumathamangitsa carbon dioxide, mwala n'kubwerera. N'chifukwa chake madzi ena otere amafewa akawiritsidwa, pamene amvula amachita thovu msangamsanga.

Musangondikhulupirira. Tolani chigoba chopanda mwini wake, muchidonthezere viniga kapena madzi a mandimu. Tithovu timene muone ndi carbon dioxide akutuluka. Mukatero, funso la madzi olimba likadzabwera pa mayeso a MSCE simudzakanda m'mutu.