Mwala wa sileti pa makoma a nyumba zamakono: zimene mwininyumba ayenera kudziwa

Nyumba zambiri zatsopano zikuoneka ndi miyala yopyapyala yomatidwa pakhoma lakutsogolo, pa nsanamira za khonde ndiponso pa mipanda. Ogulitsa amaitcha miyalayi sileti, ndipo eninyumba amaikonda chifukwa imakongoletsa nyumba komanso siifuna penti chaka ndi chaka. Komabe mwala ndi chinthu cholemera. Ukaikidwa mosasamala umamatuka, ndipo ukhoza kuvulaza ana amene amasewera m'mbali mwa khoma. Pa chifukwa ichi, ndi bwino kuti aliyense amene akufuna kukuta nyumba yake ndi mwalawu ayambe waudziwa bwino.

Akuluakulu amene anaphunzira kale amakumbukira sileti yolembapo kusukulu. Mwala wake ndi womwewo. Unapangika kuchokera ku matope amene anadikha pansi pa nyanja zamakedzana, kenako anapanikizika ndi kutenthedwa m'kati mwa nthaka kwa zaka mamiliyoni ambiri. Kupanikizikako ndiko kumachititsa kuti mwalawu uzing'ambika m'zibenthu zopyapyala ndi zosalala. Sileti yabwino simwa madzi kwenikweni: muyezo wa ku Ulaya wotchedwa EN 12326 umaika m'gulu loyamba sileti imene madzi olowamo sapitirira 0.6 peresenti ya kulemera kwake. Mwalawu supsanso ndi moto ndipo chiswe sichiudya.

Kumpoto kwa dziko la Wales kuli migodi yotchuka ya Penrhyn ndi Dinorwic, imene inkatumiza sileti yofolera nyumba m'maiko ambiri m'zaka za m'ma 1800. Mu 2021 bungwe la UNESCO linaika dera la migodi imeneyi pa mndandanda wa malo osungidwa chifukwa cha mbiri yawo. Madenga ambiri a sileti ya kumeneko akhala zaka zoposa 100. Masiku ano dziko la Spain ndilo limatsogola potulutsa sileti yofolera, makamaka m'chigawo cha Galicia. Akatswiri olemba mapulani a nyumba ku Ulaya tsopano amaikanso mwalawu pa makoma akunja, kuti uziteteza khoma ku mvula monga momwe umatetezera denga.

Si mwala uliwonse wopyapyala umene uli sileti. Miyala yambiri ya m'Malawi ndi ya mitundu ina, monga gneiss, ndipo ina mwa iyo imathanso kung'ambika n'kumatidwa pakhoma. Ina ndi yolimba, ina imayoyoka ikakhala pamvula ndi padzuwa. Wogula angathe kuyesa yekha. Mwala wabwino ukagogodedwa ndi chitsulo umalira ngati belu, pamene wokhala ndi ming'alu umalira mogontha. Ukaviikidwa m'madzi usiku wonse suyenera kufewa kapena kusendeka. Mwala wokhala ndi timadontho tonyezimira ngati golide umachita dzimbiri pakapita nthawi, ndipo dzimbirilo limatsetsereka n'kudetsa khoma.

Nkhani yaikulu ndi kulemera. Sileti yochindikala masentimita 2 imalemera makilogalamu pafupifupi 55 pa sikweya mita iliyonse, kuposa thumba la simenti la makilogalamu 50. Khoma la mamita 10 m'litali ndi mamita 3 kupita m'mwamba limasenza makilogalamu oposa 1,600 a mwala wokha, osawerengera matope omatira. Khoma la zidina, kapena la njerwa zomangidwa ndi dothi, silingadalirike kunyamula katundu wotere. Malawi ali m'chigwa chimene mumachitika zivomezi, monga cha ku Salima mu 1989 ndi cha ku Karonga mu 2009, ndipo nthaka ikagwedezeka mwala wosagwira bwino suchedwa kugwa. Choncho maziko ndi khoma ziyenera kukonzedwa poganizira kulemera kwa mwala nyumba isanayambe kumangidwa.

Pali njira ziwiri zoikira mwalawu. Yoyamba ndi kuumata pakhoma ndi matope a simenti kapena guluu wa matailosi akunja. Njirayi ndi yoyenera pansi pakhoma ndi pa malo osatalika. Kumbuyo kwa mwala kuyenera kupakidwa matope paliponse, chifukwa mpata ukatsala madzi amalowamo n'kuyamba kuumatula. Njira yachiwiri ndi kukhomera timatabwa kapena tizitsulo pakhoma, kenako kupachikapo sileti mosanjikiza ngati mamba a nsomba. Pakati pa mwala ndi khoma pamatsala mpata wodutsa mpweya, umene umaumitsa chinyezi ndi kuchepetsa kutentha kolowa m'nyumba. Misomali yake iyenera kukhala ya kopa kapena ya chitsulo chosachita dzimbiri, pakuti misomali wamba imadyeka mwala ukadali wolimba.

Mwininyumba adziwenso kuti sileti sichiza khoma lodwala. Ngati chinyezi chikukwera kuchokera pansi chifukwa omanga sanaike pepala lotchinga madzi pamaziko, kumata mwala kumangobisa vutolo, ndipo chinyezicho chimatulukira m'kati mwa nyumba. Sileti yakuda imasunganso kutentha. Ikamatidwa pakhoma loyang'ana kumadzulo m'madera otentha, monga a m'mphepete mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, chipinda chimakhala chotentha mpaka usiku. Nyumba zamakono zambiri zimaika mwala pa khoma limodzi lokha kapena m'munsi, pamene madzi odontha kudenga amathovukira, ndipo kwinako kumakhala pulasitala. Kutero kumachepetsa ndalama komanso kulemera.

Amisiri nawo ayenera kutetezedwa. Fumbi lotuluka podula mwala ndi makina limawononga mapapo, choncho mwala uzithiridwa madzi podula, ndipo wodula azivala chotchinga mphuno ndi magalasi.

Khonsolo ikulimbikitsa anthu kuti pulani imene akupereka kuti ivomerezedwe izionetsa makoma amene adzakutidwe ndi mwala, kuchindikala kwake ndiponso njira yoikira. Ndi bwinonso kufunsa wogulitsa kumene mwalawo unakumbidwa, popeza kukumba mwachisawawa m'mapiri kumasiya maenje ndi kukokolola nthaka. Amene ali ndi mafunso angathe kufika ku ofesi yoona za zomangamanga ku khonsolo asanagule mwala.