Mantha a mayi amachedwetsa kuchira

Matenda akamuyamba mayi wapakati, kaya ali pa chipatala cha boma cha Chiradzulu, pa Nguludi kapena pa Namitambo, magazi ake amadzaza ndi mahomoni otchedwa cortisol ndi adrenaline. Amachokera m'tiziwalo tokhala pamwamba pa impso, ndipo ndi omwewo amagundisa mtima munthu akakumana ndi njoka panjira. Mwana m'mimbamo naye amatulutsa ake.

Kwa mwanayo mahomoniwa ndi dalitso. Akamapanikizika potuluka, adrenaline ndi mnzake noradrenaline amakwera kwambiri. Amathandiza kuumitsa madzi a m'mapapo kuti mpweya ulowe, amatulutsa shuga wosungidwa m'chiwindi, amatenthetsa thupi, komanso amamutsegula maso khandalo kuti lifune bere. Akatswiri ofufuza Hugo Lagercrantz ndi Theodore Slotkin adafotokoza zimenezi mu 1986. N'chifukwa chake ana obadwa pa opareshoni matenda asanayambe amavutika kupuma kawirikawiri kuposa anzawo, ngakhale kuti opareshoni ikafunika palibe kuchitira mwina, imapulumutsa moyo.

Kwa mayi nkhani ndi ina. Chiberekero chimakankha mwana ndi mphamvu ya homoni ina yotchedwa oxytocin. Mayi akagwidwa ndi mantha aakulu, adrenaline amachuluka, chiberekero chimafooka, magazi opita kwa mwana amachepa, nthawi n'kumangopita.

Apa mpomwe zina zomwe tidazolowera zimatipweteka. M'midzi ina, mayi akachedwa kuchira amayi akuluakulu amamuzinga ndi mafunso kuti aulule amuna omwe adayenda nawo. Munthu ali pa ululu, mukumuzenganso mlandu! Manthawo amangoonjezera vuto. Ena amathamangira mwanamphepo, mankhwala opanda muyezo omwe angathe kung'amba chiberekero. Kukalipira mayi mu leba, yense wokalipayo akhale ndani, zotsatira zake n'zomwezo.

Mu 2018 bungwe la WHO lidalangiza kuti mayi azikhala ndi munthu wodzisankhira yekha pa nthawi yochira. Kafukufuku waonetsa kuti amayi otere amachira msangako ndipo ochepa ndiwo amafika ku opareshoni. Mwana akabadwa aikidwe pachifuwa pa mayi, khungu kukhudzana ndi khungu, ayamwe ola loyamba lisanathe. Zikatero mahomoni a mantha aja amatsika mwa onse awiri.

Inu apongozi ndi achemwali operekeza, ntchito yanu si kuphika phala kokha. Musisiteni msana mayiyo, mupatseni madzi, muyankhuleni mofatsa, ndipo mukaona magazi kapena kukomoka itanani anamwino msanga.